Masamu a chaka choyamba ku yunivesite: njira iti ingakuthandizeni muli ku Thyolo kapena ku Mulanje?

Kuchokera tsiku limene a MANEB atulutsa zotsatira za MSCE kufika tsiku limene munthu akakhala m'kalasi yoyamba ya ku yunivesite, pamadutsa miyezi yambiri. Mudikire kaye mayina a osankhidwa atuluke ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, kenako mudikirenso kuti sukulu yanu ikuitaneni. Nthawi yonseyi ena ali kumunda, ena akugulitsa nthochi ndi zinanazi m'mbali mwa msewu, ena agwira ganyu ku esiteti, masamu akutuluka m'mutu osatsanzika. Mukafika ku yunivesite ya MUST ku Ndata kuja, kapena mukakwera minibasi ya ku Limbe kupita ku yunivesite ya MUBAS, lecturer amayamba kulemba pa bolodi ngati kuti Fomu 4 munamaliza dzulo.

MUST inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014, ndipo maphunziro ake ambiri ndi a uinjiniya, makompyuta, zanyengo, za miyala ndi nthaka, komanso sayansi ya zaumoyo. Onsewa amadutsa pa masamu. Amene asankha za unamwino ku Malamulo kapena za ulimi ku Bunda nawonso sathawa: statistics ikuwadikira, pamodzi ndi kuwerengera milingo ya mankhwala ndi feteleza.

Anthu ambiri amati chimene chimagwetsa ana a chaka choyamba ndi calculus, masamu ofufuza mmene zinthu zimasinthira. Ine ndimakana. Ndi yachilendo, inde, chifukwa masamu wamba a MSCE alibe mutu umenewu. Anailawako ndi okhawo amene analemba Additional Mathematics, ndipo sukulu zophunzitsa phunziroli n'zochepa, makamaka tikanena za ma CDSS akumidzi. Koma lecturer amadziwa kuti ndi yachilendo, ndiye amayambira pachiyambi penipeni. Chimene sabwereranso kukaphunzitsa ndi aljebra ya Fomu 2 ndi Fomu 3.

Taonani samu imene pafupifupi aliyense amakumana nayo poyamba calculus. Akupatsani x² n'kukuuzani kuti mupeze mmene ikusinthira x akasuntha pang'ono, tinene ndi h. Mulemba (x + h)² − x², zonsezo kugawa ndi h. Ganizo latsopano pamenepa ndi limodzi lokha, lakuti h azicheperachepera kulowera ku 0. Zina zonse n'zakale. Mumasule mabulaketi mupeze x² + 2xh + h², muchotsepo x², mutsale ndi 2xh + h², mugawe ndi h, mutsale ndi 2x + h, ndipo h akatheratu yankho ndi 2x. Tsopano munthu amene m'mutu mwake (x + h)² ndi x² + h² basi, wataya 2xh uja pa mzere woyamba, ndipo yankho lake lituluka 0. Abwerera ku hostel akudandaula kuti calculus ndi yovuta, chonsecho chamugwetsa ndi bulaketi ya ku Fomu 2.

Choncho musanalipire aliyense kapena kugula bandulo, dziyeseni nokha. Ikani calculator m'chikwama. Phatikizani 1/2 ndi 1/3. Pezani √(9 + 16). Sinthani v = u + at kuti t akhale payekha. Nenani pamtima 15 peresenti ya K48,000. Mayankho ndi 5/6, 5, (v − u)/a ndi K7,200. Ngati mwapeza 2/5 pa yoyamba kapena 7 pa yachiwiri, vuto lanu lili pansi kwambiri kuposa mmene satifiketi yanu ikunenera. Mapointi 3 kapena 4 pa masamu atha kubwera chifukwa choloweza mitundu ya mafunso imene imabwerabwera, ndipo kulowezako sikukhalitsa.

Mabuku a kusekondale ndi mapepala a mayeso akale

Iyi ndi njira yotchipa kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu amainyoza. Munthu wasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse wamva, ndiye aoneke atanyamula buku la Fomu 2? Manyazi amenewa ndi amene amadzabala sapu, mayeso obwereza a amene alephera. Buku la Fomu 2 kapena Fomu 3 mutha kubwereka kwa mng'ono wanu kapena kusukulu imene munaphunzira, ndipo silifuna magetsi kapena netiweki. Ubwino wake waukulu ndi wakuti limakukakamizani kugwira pensulo.

Musaliwerenge lonse. Mitu imene imabwereranso ku yunivesite sabata ndi sabata ndi iyi: mafulakishoni, makamaka okhala ndi zilembo, malamulo a indices ndi logarithms, kumasula mabulaketi ndi factorisation, quadratic equations, kusintha fomula, galafu ya mzere wowongoka, ndi trigonometry. Ma circle theorem, amene anakusowetsani tulo ku Fomu 3, mutha kuwasiya kaye. Ambiri a inu simudzakumana nawo kawirikawiri.

Kagwiritsidwe ntchito kake ndi kamene kamasiyanitsa anthu. Kuwerenga chitsanzo chosovedwa kale n'kugwedeza mutu si kuphunzira. Phimbani yankho ndi pepala, sovani nokha, kenako yerekezani mzere ndi mzere. Pamene mwasiyana ndi buku, lembani m'kope lapadera cholakwa chenichenicho: "ndinaiwala kusintha chizindikiro pochotsa bulaketi", osati "ndinalakwa nambala 4". Pakatha masabata awiri muona kuti zolakwa zanu si zambiri, ndi zitatu kapena zinayi zomwezomwezo zimene zikungosintha malaya.

Komanso ola limodzi tsiku lililonse limaposa maola 7 Loweruka lokha. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene taphunzira zimaiwalika mothamanga m'masiku oyambirira, ndipo kuzibwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Mutu umene mwamaliza lero muubwerere pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Apa ndi pamene mapepala akale a MANEB amathandiza, chifukwa amasakaniza mitu, ndipo funso silikuuzani kuti likufuna njira iti.

Kufooka kwa njirayi kuli pawiri. Mukakakamira palibe wokufunsani kuti mwaganiza bwanji, ndiye mutha kukhala masiku pa chinthu chimene wina akanakumasulirani m'mphindi zisanu. Chachiwiri, imakufikitsani pamene MSCE inathera basi. Za limits ndi functions mmene amazifunira ku yunivesite simuzipezamo mokwanira.

Aphunzitsi a patitaimu

Ku Luchenza, ku Bvumbwe, pa Chitakale, ku Limbuli ngakhale pa boma la Thyolo simungasowe mphunzitsi wa masamu wophunzitsa madzulo kapena pa holide. Ambiri ndi akatswiri pa ntchito imene anazolowera, yomwe ndi kukhozetsa ana MSCE. Ndiye mukapita osanena chimene mukufuna, akuikani pamodzi ndi a Fomu 4 n'kuyamba kukupatsani njira zachidule zoyankhira mafunso a MANEB, zomwe inu mwadutsa kale.

Pitani ndi kope lanu la zolakwa lija. Nenani kuti, "Aphunzitsi, ma logarithm ndimakakamira apa, taonani mmene ndasovera." Gwirizanani malipiro pa mutu, osati pa mwezi. Mphunzitsi wabwino mumuzindikira tsiku loyamba: amakupatsani choko n'kukhala pansi kuonerera mmene mukuganizira. Amene amadzaza bolodi yekha kwa ola lathunthu inu mukukopera, ndalama yanu ikupita pachabe, ngakhale atakhala wodziwa chotani.

Pali wina amene ambiri samuganizira: wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi amene ali pa holide kumudzi. Luso lophunzitsa mwina alibe lofanana ndi la mphunzitsi wa zaka zambiri, koma akudziwa zimene zinabwera pa mayeso a semesita yoyamba, ali ndi ma tutorial sheet akale m'foni, ndipo akukumbukira pamene iye ndi anzake anapunthwa. Kwa munthu amene wasankhidwa kale, achimwene kapena achemwali otere ndi aphindu kuposa kalasi ya patitaimu ya anthu 40.

Kagulu ka anzanu

Pa njira zonse, iyi ndi imene ili ndi umboni umene ine ndimaukhulupirira kwambiri. M'zaka za m'ma 1970, ku University of California ku Berkeley, mphunzitsi wa masamu Uri Treisman anafuna kudziwa chifukwa chimene ophunzira akuda ambiri ankalepherera calculus pamene anzawo ochokera m'mabanja a Chitchaina ankakhoza. Anthu ankati mwina ndi ulesi kapena umphawi. Iye anawatsatira n'kuona mmene ankawerengera. Anapeza kuti akudawo ankalimbikira ndithu, koma aliyense payekha, atadzitsekera. Enawo ankayamba asova okha, kenako n'kukumana, kuonetsana mayankho, kutsutsana ndi kukonzana. Treisman atakhazikitsa magulu osovera limodzi masamu ovuta, zotsatira za ophunzira aja zinasintha kwambiri, ndipo mayunivesite ena ambiri ku America anatengera njirayi.

Mwana amene anali nambala wani pa CDSS yake amafika ku yunivesite ndi khalidwe lomwelo lowerenga yekha, chifukwa kwawo kunalibe womufunsa. Kufunsa amakuona ngati kudzitsitsa. Ndi ana otere amene amadzidzimuka ndi zotsatira za mayeso oyamba.

Koma si gulu lililonse limene limathandiza. Anthu akhale atatu, anayi, akachuluka asanu. Aliyense abwere atayesa kale mafunso amene munagwirizana, ngakhale atalephera onse. Choko agwire amene sakumvetsa, ena azimufunsa kuti "pamenepo wachoka bwanji kufika apo?" Mukalola kuti wanzeru wa gululo azisova zonse, iye yekha ndi amene aphunzire, enanu mungotsala ndi makope okongola. Malo si vuto: pemphani a hedi a pulayimale yapafupi kalasi imodzi ana akaweruka, kapena akuluakulu a mpingo akubwerekeni chipinda. Ikani nthawi yoyambira ndi yomalizira, apo ayi theka la nthawi lithera pa Bullets ndi Wanderers.

Gulu la pa WhatsApp ndi chinthu china. Ndi labwino potumizirana mapepala ndi kukumbutsana tsiku lokumana. Posova masamu limasanduka msika wa zithunzi za mayankho, ndipo palibe amene amaona pamene mnzake wasochera.

Foni ndi intaneti

Zaulere zilipo zambiri, ndipo zina n'zabwino kwambiri. Khan Academy, imene Salman Khan anakhazikitsa mu 2008, ili ndi mavidiyo ndi mafunso oyeserera kuyambira kuphatikiza manambala mpaka calculus, ndipo imakuuzani pompopompo ngati mwakhoza. OpenStax ya ku Rice University imapereka mabuku athunthu a aljebra, precalculus, calculus ndi statistics amene mutha kutsitsa kamodzi ngati PDF n'kumawerenga opanda bandulo. A Siyavula a ku South Africa nawo ali ndi mabuku aulere a masamu a Grade 10 mpaka 12, ndipo la Grade 12 lili ndi chiyambi cha calculus cholembedwa mosavuta. Kwa munthu amene sanalembe Additional Mathematics, pamenepo ndi poyambira pabwino.

Pa zonsezi ine ndimaika patsogolo GeoGebra, chifukwa imachita chimene buku silingathe, ndipo mukaiika m'foni imagwira ntchito popanda intaneti. Lembani y = x², muone galafu. Kenako lembani y = (x − 3)². Ambiri amayembekezera kuti isunthira kumanzere poti pali chizindikiro chochotsa, koma imapita kumanja, n'kukakhazikika pa 3. Sinthani 3 akhale 5, ikani 2 kutsogolo, ikani chochotsa kutsogolo muone ikugadabuzika. Mphindi 20 za masewera amenewa zimakhazikitsa m'mutu zimene ena amaloweza chaka chonse osazimvetsa.

Mavuto ake tonse tikuwadziwa. Mavidiyo amadya bandulo, netiweki m'midzi ya kuseri kwa phiri ndi m'zigwa za ku Thyolo imabwera mwa apo ndi apo, ndipo magetsi akazima foni imasungidwira zofunika zina. Tsitsani zinthu mukapeza Wi-Fi, gawanani pa memory card, ndipo masamba a mafunso kawasindikizeni pa steshonale kuti musamafinye maso pa kasikirini. Koma vuto lalikulu si la ndalama. Vidiyo imanyenga. Kuonera munthu akusova kuli ngati kuonera wakabaza akutsetsereka ndi matumba atatu a chimanga: zimaoneka zophweka mpaka mutagwira handulo nokha. Vidiyo ya mphindi 10 izitsatiridwa ndi theka la ola la pensulo, apo ayi mwangoonera kanema.

Za Photomath ndi ChatGPT, mapulogalamu a pafoni amene amayankha mafunso, ndinene mwachidule. Mujambula funso, yankho labwera ndi masitepe ake. Kwa munthu amene wasova kale ndipo akufuna kuona pamene walakwitsa, n'zothandiza. Kwa amene maziko ake ndi ofooka, n'zoopsa kuposa kusakhala ndi foni, chifukwa assignment imatuluka yokhoza pamene mutu uli mbuu, ndipo m'chipinda cha mayeso foni salola. ChatGPT nthawi zina imalakwitsa masamu koma n'kufotokoza molimba mtima ngati yakhoza. Yankho lililonse limene yakupatsani, libwezereni mu equation muone ngati mbali ziwirizo zikufanana.

Kulembanso MSCE ndi njira ya munthu mmodzi yekha: amene anapeza 7 kapena 8 pa masamu koma akufuna pulogalamu yofuna credit, kutanthauza mapointi osapitirira 6. Ameneyo alembetse ku open school, alembenso. Amene wasankhidwa kale asataye chaka.

Chimene njira zonsezi siziphunzitsa bwino

Pali luso lina losiyana ndi kusova equation, lomwe ndi kuyang'ana nambala n'kudziwa chimene ikunena komanso ngati ili yomveka. Munthu atha kukhoza aljebra koma n'kulemba kuti thanki ya madzi ya pasukulu imalowa malita 5, osadabwa ngakhale pang'ono. Ma lecturer a physics, chemistry ndi statistics amadandaula za ichi, ndipo sichipezeka pa mutu umodzi wa m'buku.

Chitsanzo chabwino tonse tinachiona. Mu Novembala 2023 a Reserve Bank of Malawi analengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Gawani 1,700 ndi 1,180 mupeza 1.44, kutanthauza kuti dola inakwera mtengo ndi 44 peresenti. Koma tembenuzani funsolo: K1,000 yanu inataya mphamvu yochuluka bwanji pogula madola? Gawani 1,180 ndi 1,700 mupeza pafupifupi 0.69, ndiye inataya pafupifupi 31 peresenti. Manambala onse awiri ndi oona. Amasiyana chifukwa peresenti nthawi zonse imakhala ya chinachake, ndipo muyenera kufunsa kuti ya chiyani. N'chifukwa chakenso katundu wa K10,000 akakwera ndi 20 peresenti kenako n'kutsika ndi 20 peresenti sabwerera pa K10,000, amafika pa K9,600.

Banki mkhonde ndi kalasi ina. Tiyerekeze kuti mwabwereka K100,000 pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi. Ngati chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, pakutha miyezi 12 ngongole yonse ndi K340,000. Ngati chosabwezedwa chikuphatikizidwa ku ngongole mwezi uliwonse, muchulukitsa ndi 1.2 maulendo 12, ndipo mufika pafupifupi K891,600. Amene wawerengera zimenezi ndi dzanja lake sadzavutika lecturer akadzayamba za exponential growth, kaya ndi ya tizilombo m'labu kaya ya chiwerengero cha anthu.

Zina zili pakhomo pomwepo. Urea ali ndi 46 peresenti ya nitrogen, ndiye thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nitrogen. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47, ndiye mlangizi akanena mlingo wa pa hekitala, munda wa amayi wa theka la ekala ufuna wochuluka bwanji? Tiyi wouma kilogalamu imodzi amachokera ku makilogalamu 4 kapena 5 a masamba aawisi, ndiye thirakitala imene yakudutsani itanyamula matani 9 kupita ku fakitale yanyamula tiyi womwa wa matani pafupifupi awiri okha. Chizolowezi chofunika n'chakuti musanagwire calculator muyambe mwanena yankho loyerekeza, ndipo nambala iliyonse muilembe ndi muyeso wake, kaya ndi makilogalamu, malita kapena kwacha. Izi sizifuna mphunzitsi kapena bandulo, koma zimakoma pagulu, chifukwa mumatsutsana.

Nanga musankhe iti? Amene wapunthwa pa mafulakishoni ndi mabulaketi m'mafunso anayi aja ayambe ndi buku la kusekondale ndi pensulo, ndipo asakhudze calculus mpaka zimenezi zitakhazikika. Ngati ali ndi kandalama, alipire mphunzitsi pa mitu iwiri kapena itatu imene yakanirira. Amene wakhoza onse mosavuta asataye nthawi kubwereza Fomu 2, atsitse buku la precalculus, aike GeoGebra, apeze ma tutorial sheet a chaka choyamba kwa amene ali kale ku koleji. Onse awiri apeze gulu, ndipo akafika kusukulu apange lina sabata yoyamba, asanalembe mayeso oyamba. Ndikanati ndisankhe njira ziwiri zokha kwa mwana wa ku Goliati kapena ku Muloza amene alibe ndalama, ndikanatenga buku ndi gulu. Foni ibwere pachitatu.

Semesita ikayamba, ma tutorial musaphonye, ndipo ku ofesi ya lecturer muzipita ndi pepala losonyeza mzere umene mwakakamira. Mukangonena kuti "sindikumva chilichonse", naye sadziwa poyambira.

Calculator mugule msanga kuti muizolowere, ndipo mufunse kaye mtundu umene dipatimenti yanu imalola pa mayeso. Ambiri amagwiritsa ntchito Casio fx-82 kapena fx-991. Zachinyengo zilipo zambiri m'misika, ndiye yesani mabatani onse musanapereke ndalama. Dziwani kuti mukalemba −3² ikupatsani −9, chifukwa imayamba ndi 3² kenako n'kuika chochotsa. Mukafuna 9 mulembe (−3)². Chimodzimodzi 1 ÷ 2 + 3 ndi 3.5, pamene 1 ÷ (2 + 3) ndi 0.2. Ndipo poti calculus imayeza ma angle mu radians pamene kusekondale munazolowera degrees, muzikhala mukusinthasintha. Tsiku limene sin 30 idzakupatsani −0.988 m'malo mwa 0.5, musafufute ntchito yanu. Yang'anani pamwamba pa sikirini: pali kachilembo R pamene pakufunika D.